Bambo John Gray Kufa, Dikoni ndi Wothandiza Dotolo

Pakati pa amuna asanu ndi awiri amene Mbusa David Clement Scott adawapatula kuti akhale madikoni a mpingo wa Blantyre m'chaka cha 1894, ena adakalamba pa ntchito yawo nalandira ulemu akali moyo. Bambo Harry Kambwiri Matecheta adadzozedwa ubusa mu 1911 pamodzi ndi Bambo Stephen Kundecha, ndipo Bambo Mungo Murray Chisuse adatchuka pa ntchito yosindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi. Koma dzina la Bambo John Gray Kufa lidakhala zaka zambiri likutchulidwa monong'ona, pakuti iwo adafa ndi chigamulo cha boma m'chaka cha 1915, pa mlandu wa nkhondo ya Chilembwe. Ambiri amene akulidziwa dzinali lero amalidziwira pamenepo. Komatu asanakhale munthu wa mlandu umenewo, Bambo Kufa adali munthu wa m'chipatala, woyamba mwa ana a Mishoni ya Blantyre kupambana mayeso a ntchito yosamala odwala. Mbiri yawo siimveka bwino tikapanda kufunsa funso limene lidawatsata kuyambira tsiku la mayesowo: munthu wakuda wophunzira ntchito yotere akaigwira kuti, ndipo adzamlemba ndani?

Kuchokera ku Zambezi

Bambo Kufa, amene dzina lawo lina lidali Mapantha, kwawo kudali kumunsi kwa mtsinje wa Zambezi, m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi. Masiku amenewo njira yolowera kumtunda kuno idali ya pamadzi. Alendo ankatsikira ku Quelimane, nakwera Zambezi ndi Shire pa mabwato ndi pa sitima za kampani ya African Lakes, kenaka nkuyenda wapansi kukwera mapiri kufikira ku Blantyre. Njira imene inkabweretsa nsalu ndi makalata ndiyo idabweretsanso anyamata ofuna sukulu, kotero kuti ena mwa atsogoleri oyamba a mpingo, monga Bambo Joseph Bismarck, adali alendo ochokera kumunsi komweko. Mnyamata Kufa adadzera njira imeneyo, naphunzira pa sukulu ya mishoni, ndipo pa ubatizo adalandira maina a Chiskoti monga mwa chizolowezi cha nthawiyo.

Mishoni idayamba mu 1876, ndipo zaka zake zoyamba zidali zochititsa manyazi, popeza amishoni ena adadzisandutsa oweruza milandu namakwapula anthu, kufikira Mpingo wa ku Scotland udawachotsa. Mbusa Scott adafika mu 1881 kudzayambanso ntchitoyo pa maziko ena. Iwo adakhulupirira ndi mtima wonse kuti mpingo wa mu Afirika uyenera kutsogozedwa ndi eni dziko, ndipo sadangonena pakamwa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chidatha mu 1891, adachimanga ndi amisiri achikuda amene adaphunzira kuumba ndi kuyala njerwa pa ntchito pomwepo. Madikoni asanu ndi awiri aja adali chipatso china cha maganizo omwewo: adapatsidwa udindo weniweni woweruza nkhani za mpingo, wolalikira, ndi wotumidwa kutali popanda Mzungu wowayang'anira. Tikumbukire bwino chimenechi, chifukwa Bambo Kufa adakulira m'nyumba imene idawauza kuti palibe mpando umene sangaufikire.

M'chipatala cha mishoni

Madotolo a mishoni sankakhalitsa. M'chaka cha 1891 matenda otseka kummero adagwira mwana wa Bambo Henry Henderson, amene adasankha malo a Blantyre. Dotolo John Bowie, malume ake a mwanayo, adamuboola pakhosi kuti apume, nayamwa ndi pakamwa pawo zimene zinkatseka kampopi kamene adalowetsapo. Mwanayo adamwalira, mai ake adamwalira, dotoloyonso adamwalira, ndipo Bambo Henderson adatsirizikira ku Quelimane ali pa ulendo wopita kwawo. Patangopita zaka zinayi, mu 1895, Dotolo William Affleck Scott adamwaliranso ndi malungo. Aliyense wa maso adaona kuti ntchito ya chipatala siingaime pa Mzungu mmodzi amene angagwe mawa lomweli.

Amene adachitapo kanthu ndi Dotolo Neil Macvicar, wa ku Edinburgh, amene adafika mu 1896 ali wachinyamata. Iwo sadakhutire ndi anyamata ongotsuka zilonda ndi kusesa m'zipinda. Adasankha ochepa nayamba kuwaphunzitsa mwadongosolo za mapangidwe a thupi la munthu, za mankhwala ndi miyeso yake, za kumanga mabala, ndi za opaleshoni, kenaka nkuwalembetsa mayeso. M'chaka cha 1898 Bambo Kufa adapeza malikisi 90 pa 100 pa mayeso a za opaleshoni.

Ife lero tikamva mau oti namwino timaona mai wovala zoyera, koma anamwino oyamba a dziko lino adali amuna. Atsikana ofika makalasi apamwamba adali owerengeka, ndipo makolo sankalola msanga kuti mwana wawo wamkazi azigwira matupi a alendo odwala. Tsono ntchito yonse imene lero igawidwa pakati pa namwino, wopereka mankhwala ndi wothandiza dotolo idali pa mapewa a munthu mmodzi. Iye ndiye ankatsuka zilonda zazikulu za m'miyendo zimene zinkadzaza zipatala za masiku amenewo, kuzula matekenya amene adali atangolowa kumene m'dziko, kuyeza kwinini, kuchezera usiku ndi wodwala chibayo, ndiponso kumasulira pakati pa dotolo ndi wodwala. Ntchito yotsirizayi siinali yaing'ono. Munthu wochokera kumudzi sakadalola kugonekedwa tulo ndi mankhwala kuti ang'ambidwe ndi mpeni wa mlendo, pakadapanda mnzake wolankhula chilankhulo chake womulimbitsa mtima.

Ulendo wa kwa Alomwe

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mishoni idatuma Bambo Kufa kum'mawa, kuseri kwa nyanja ya Chilwa, kukayamba ntchito pakati pa Alomwe m'dziko la Apwitikizi. Adapita ali mlaliki, mphunzitsi ndi sing'anga nthawi imodzi, ndipo mtsogoleri wa ntchitoyo adali iwo eni. Apa mpamene maloto a Mbusa Scott adaonekera poyera. Koma ntchitoyo siidakhalitse, chifukwa Apwitikizi adali pa kalikiliki wogonjetsa dera limenelo ndi nkhondo, ndipo sadafune mishoni ya Angerezi pakati pa anthu amene ankafuna kuwakhometsa msonkho. Bambo Kufa adabwerera ku Blantyre.

Ngakhale zidatero, ulendowo sudapite pachabe. Mnyamata wina wa Chilomwe, Lewis Mataka Bandawe, adawatsata kudzaphunzira ku Blantyre. Ameneyu ndiye adabwerera kwawo mu 1913 kukagwira ntchito pa mishoni ya Mihecani, ndipo pambuyo pake adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe.

Makomo a ntchito

Pobwerera adapeza Blantyre itasintha. Mbusa Scott adachoka mu 1898, atatopa ndi matenda, ndi maliro a mkazi wawo, ndiponso ndi madandaulo a Azungu anzawo amene ankati akuwakweza kwambiri anthu akuda. Dotolo Macvicar adachoka mu 1900 atasiyana maganizo ndi akuluakulu a mishoni pa nkhani za chiphunzitso, ndipo sadaloledwe kubwereranso. Anthu awiri amene adaona patali mwa Bambo Kufa adapita chotsatizana. Mbusa Alexander Hetherwick, amene adalowa m'malo, adali munthu wolimba mtima ndi woteteza anthu akuda pamaso pa boma, koma pa nkhani yopereka maudindo adali woyenda pang'onopang'ono.

Tiyeni tsono tione makomo amene adali patsogolo pa munthu wonga Bambo Kufa. Blantyre ya masiku amenewo kadali kamzinda kakang'ono: mishoni, sitolo za Mandala, boma, ndi nyumba zowerengeka za amalonda. Njanji yomwe idafika mu 1908. Khomo loyamba lidali chipatala cha mishoni chomwecho, chimene chinkadalira zopereka za Akhristu a ku Scotland. Malipiro adali ochepa, ndipo pamwamba pa wothandiza dotolo padalibe mpando wina woti munthu akwerepo, ngakhale atagwira ntchito zaka makumi awiri. Khomo lachiwiri lidali boma. Koma madotolo a boma adali ochepa, ndipo adabwera makamaka kudzasamala Azungu a boma ndi asilikali. Mpando wapakati, wa wothandiza dotolo wodziwa ntchito, udalipo ndithu, koma boma linkaitanitsa anthu ake kuchokera ku India. Chikalata chimene Bambo Kufa adali nacho chidali cha mishoni. Kunja kwa mpanda wa mishoni lamulo silinkachidziwa.

Kuti timvetse kulemera kwa chimenechi, titsate Dotolo Macvicar kumene adapita. Mu 1902 adakayamba ntchito pa chipatala cha Victoria ku Lovedale, pafupi ndi kamzinda ka Alice m'dziko la South Africa. Kumeneko, pamodzi ndi mkulu wa anamwino Mai Mary Balmer, adayamba kuphunzitsa atsikana achikuda unamwino, koma ulendo uno adalimbikira kuti ophunzira awo alembe mayeso a boma, omwewo amene ankalemba Azungu. Mu Januwale 1908 Cecilia Makiwane, mwana wa Mbusa Elijah Makiwane, adalembedwa m'kaundula wa anamwino wa boma la Cape, woyamba mwa akazi achikuda. Mphunzitsi adali yemweyo, ndipo sitikukayika kuti nzeru za ophunzira awiriwo zidali zosasiyana kwenikweni. Chosiyana chidali kaundula. Dzina la Mai Makiwane lidalowa m'buku limene chipatala chilichonse cha m'dzikomo chinkalilemekeza, pamene dzina la Bambo Kufa lidatsala m'mabuku a mishoni. Nthumwi zimene zimakhala m'makomiti a zipatala ndi sukulu zathu za anamwino ku Mulanje, ku Nkhoma ndi ku Ekwendeni zikudziwa kuti kuphunzitsa munthu nkosavuta kusiyana ndi kumpezera pogwira ntchito, pakuti nazonso zaonapo anamwino omaliza maphunziro akudikira kunyumba pamene zipinda za odwala zikusowa manja.

Padalinso khomo lina, limene ambiri a msinkhu wa Bambo Kufa ndi owatsatira adalowera, ndilo la kunja kwa dziko. Anthu a kuno ankatsikira kumwera wapansi, ena mwa okha, ena kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya Southern Rhodesia limene lidayamba mu 1903. M'chigawo chapakati cha dziko limenelo mudali timizinda tomera pa migodi. Ku Que Que, kumene lero timati Kwekwe, kudali mgodi wa golide wa Globe and Phoenix. Ku Selukwe, lero Shurugwi, kudali golide ndi kromu. Ndipo kuyambira 1916 ku Shabani, lero Zvishavane, adayamba kukumba asibesitosi. M'makomboni a migodi anthu ankafa ndi chibayo, ndi chifuwa chachikulu, ndi matenda otupa nkhama odza ndi chakudya chosakwanira, ndipo chimfine chachikulu cha 1918 chidasesa ambiri. Chipatala cha pakomboni nthawi zambiri chidali chipinda chamalata chimene dotolo ankangodzazonda; wokhala ndi odwala usana ndi usiku adali munthu wakuda. Anyasa, monga ankatchedwa kumeneko, adali ndi mbiri yodziwa kulemba ndi kuwerenga, kotero kuti ambiri adapeza ntchito za ukalaliki, za ukapitawo ndi za m'zipatala. Kuchuluka kwa anthu athu kumeneko ndiko kudachititsa kuti Mbusa T. C. B. Vlok atumidwe ku Salisbury mu 1912 kukaweta nkhosa zobalalikazo. Sukulu za mishoni za dziko lino zidaphunzitsa anthu, koma amene adadyerera luso lawo adali eni migodi a dziko lina.

Ngakhale Dotolo Hastings Kamuzu Banda adadzera khomo lomweli. Ali mnyamata adayenda wapansi kuchoka ku Kasungu nakagwira ntchito yosesa pa chipatala cha Hartley, lero Chegutu, pa msewu wochoka ku Harare kupita ku Kwekwe. Ndipo atamaliza maphunziro a udotolo ku Edinburgh mu 1941 nafuna kubwerera kwawo, anamwino Achizungu a ku Livingstonia adakana kugwira ntchito pansi pa dotolo wakuda. Khomo limene lidatsekera Bambo Kufa lidali lisanatseguke bwino patapita zaka zoposa makumi anayi.

Magomero ndi Nsoni

Bambo Kufa sadapite kumwera. Adasankha khomo la minda ya Azungu, nakagwira ntchito yosamala odwala pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Malo amenewa adali aakulu koopsa, a banja la mkamwini wa David Livingstone, ndipo wowayang'anira adali William Jervis Livingstone. Ankalima thonje ndi fodya ndi manja a anthu okhala pa malowo, ambiri mwa iwo Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi. Anthuwa ankagwira thangata: mwezi umodzi wolipira malo okhalapo, wina wolipira msonkho, koma miyeziyo inkatalika monga mwa kufuna kwa bwana. Sukulu ndi matchalitchi zidali zoletsedwa pa esitetiyo, ndipo nyumba zopemphereramo zimene anthu a Mbusa John Chilembwe adamanga zidatenthedwa.

Taganizirani za dikoni wa mpingo pa malo otere. Anthu amene adatumidwa kukawalalikira kwawo ndi omwewo amene tsopano ankabwera kwa iwo ndi zilonda, ndi njoka za m'mimba, ndi matupi olefuka. Ntchito yawo idali kuwachiritsa kuti abwerere kumunda. Wothandiza dotolo amaona zimene kalaliki ndi kapitawo saziona, chifukwa wodwala amavula malaya pamaso pake.

Tisaganize kuti Bambo Kufa adali mmphawi. Adagula malo awoawo a maekala 140 ku Nsoni, m'boma la Chiradzulu, nalima ndi kuweta, ndipo adali mzati wa mpingo wa Blantyre kumeneko. Adali m'gulu laling'ono la anthu akuda ovala bwino, a nyumba za njerwa, amene mu 1909 adayambitsa bungwe la Natives' Industrial Union motsogozedwa ndi Bambo Bismarck, pofuna kuthandizana pa malonda ndi ulimi. Mbusa Chilembwe, amene adabwerako ku America mu 1900 nakhazikitsa mishoni yawo ku Mbombwe m'boma lomwelo, adali nawo m'bungwemo. Anthu amenewa adachita zonse zimene adauzidwa kuti ndizo chitukuko, koma munthu wotere ankayenerabe kuvula chipewa pokumana ndi Mzungu aliyense pa msewu. Munda wa ku Nsoni udawapatsa chuma ndi ulemu pakati pa anzawo. Chimene sudawapatse ndi malo oyenera luso limene adaliphunzira.

Chaka cha 1915

Nkhondo yaikulu ya ku Ulaya idafika ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo asilikali achikuda adafa pa mkangano umene sudali wawo. Mbusa Chilembwe adalemba kalata yodandaula ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, koma boma lidailetsa. M'miyezi yotsatira ku Mbombwe kudachitika misonkhano yamseri, ndipo Bambo Kufa adali mmodzi wa akuluakulu amene adapangana nawo. Gawo la anthu a ku Nsoni lidakhudza ulendo wokalanda mfuti ku Mandala.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 zidayambika. Ku Magomero adapha William Jervis Livingstone, ndipo Azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, adaphedwanso pa esiteti yomweyo. Akazi ndi ana sadawapweteke. Ku Mandala adangopeza mfuti zowerengeka. Mitundu imene ankayembekeza kuti idzadzuka siidadzuke, ndipo pa 3 Febuluwale Mbusa Chilembwe adawomberedwa ali pa ulendo wothawira ku malire. Bambo Kufa adagwidwa, nazengedwa mlandu mwachangu monga anzawo onse, naweruzidwa kuti afe. Pamodzi ndi iwo adaphedwa Bambo Duncan Njilima, wamalonda wodziwika, ndi ena oposa 30, ndipo mazana adaponyedwa m'ndende.

Sitingabise kuti nkhaniyi ndi yolemera kwa mpingo. Munthu amene manja ake adaphunzira kumanga mabala adavomera upo umene mathero ake adali mwazi, ndipo mwazi umenewo udali wa anthu. Komanso sitingathe kunena, monga ankanenera Azungu a minda pa nthawiyo, kuti sukulu ndiyo idamuononga. Bambo Kufa sadali mnyamata wotengeka. Adali munthu wamkulu, wa malo ake, wodziwa mphamvu za boma, amene adali ndi zambiri zoti ataye.

Ku Blantyre imfa yawo idagwedeza mishoni kuposa imfa ya Mbusa Chilembwe, pakuti uyu adali mwana wa m'nyumba, chitsanzo chimene amishoni ankaonetsa alendo. Adani a mishoni adapezerapo mpata. Pamaso pa bungwe lofufuza za nkhondoyo, limene lidatulutsa lipoti lake mu 1916, Mbusa Hetherwick adaimirira kuteteza sukulu ndi aphunzitsi achikuda, nadzudzula poyera mwambo wa chipewa uja, ponena kuti ulemu uyenera kubwezedwa ndi amene waulandira. Mu nyumba ya malamulo Alexander Livingstone Bruce, mwini esiteti ya Magomero, adapempha kuti sukulu zoyendetsedwa ndi aphunzitsi achikuda zitsekedwe, koma pempholo silidapambane.

Maphunziro a othandiza dotolo sadafe. Adapitirira pa chipatala cha Blantyre mogwirizana ndi sukulu ya Henry Henderson Institute imene idatsekulidwa mu 1909, ndiponso ku Livingstonia, ndipo ophunzira ake adafalikira m'dziko muno, ku Tanganyika ndi ku maiko awiri a Rhodesia. M'chaka cha 1926 boma la Nyasaland lidakhazikitsa lamulo lotsekula kaundula wa othandiza dotolo achikuda, patapita zaka 28 chilembere Bambo Kufa mayeso awo, ndi zaka 11 chimwalirire iwo. M'chaka chomwecho Dotolo Daniel Malekebu, amene adaphunzira udotolo ku Meharry m'dziko la America ndipo poyamba adakanizidwa kukhala m'dziko lakwawo, adaloledwa kubwera, nakatsekulanso mishoni ya ku Mbombwe, m'boma lomwelo la Chiradzulu.